Jesse Brown, woulutsa ndege amene alibe manda

Kumpoto kwa dziko la North Korea kuli damu lalikulu lomwe eni dziko amalitcha Changjin. Anthu a ku America amalidziwa ndi dzina lakuti Chosin, chifukwa mapu amene asilikali awo ankayendera mu 1950 anali olembedwa ndi Ajapani. M'mapiri ozungulira damulo munatsala mitembo yambiri ya pa nkhondo ya ku Korea yomwe palibe anaiika m'manda, ndipo umodzi ndi wa Jesse Leroy Brown, munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro oulutsa ndege m'gulu la asilikali apanyanja a America. Papita zaka zoposa 70, koma mafupa ake sanabwerere kwawo.

Brown anabadwa pa 13 Okotobala 1926 ku Hattiesburg m'chigawo cha Mississippi, komwe tsankho linali lamulo lenileni: wakuda sukulu yake, mzungu yake. Bambo ake ankalima munda wa mwini n'kumagawana naye zokolola, moyo wofanana ndi wa matenanti a m'maesiteti a fodya, ndipo Jesse anakulira m'minda ya thonje ndi khasu m'manja. Ali ndi zaka 6 bambo ake anapita naye kukaonerera ndege zikuchita masewera mumlengalenga. Mwanayo anabwerako mtima utatsalira komweko. Ali mnyamata analembera kalata Pulezidenti Franklin Roosevelt kudandaula kuti akuda saloledwa kuulutsa ndege za nkhondo.

Mu 1944 anakalowa yunivesite ya Ohio State, fizi n'kumaipeza ndi maganyu, ena ausiku onyamula katundu kunjanji. Kumeneko ndi komwe anamva kuti asilikali apanyanja akufuna ophunzira kuulutsa ndege. Anamuletsaletsa, koma mayeso anakhoza. Ali pakati pa maphunziro anakwatira Daisy Nix mwachinsinsi, poti lamulo silinkalola wophunzira kukhala pabanja, ndipo zikanaululika akanamuchotsa. Pa 21 Okotobala 1948 anamuveka baji ya mapiko, patangopita miyezi itatu Pulezidenti Harry Truman atasaina lamulo lothetsa tsankho m'magulu a asilikali.

Nkhondo ya ku Korea, momwe America ndi United Nations ankathandiza South Korea pomwe China inadzathandiza North Korea, inayamba mu Juni 1950. Brown anapita komweko pa sitima yonyamula ndege ya USS Leyte, akuulutsa ndege ya mtundu wa Corsair. Kumapeto kwa Novembala asilikali a China pafupifupi 120,000 anazinga asilikali 30,000 a mbali ya United Nations pa Chosin, kunja kukuzizira mwakuti mfuti zinkakana kuwomba. Ntchito ya oulutsa ndege inali kutsegulira njira anzawo apansiwo kuti athawire kunyanja.

Pa 4 Disembala masana ndege zisanu ndi imodzi zinanyamuka pa Leyte. Zinkauluka m'munsi kwambiri kufunafuna adani obisala m'chipale chofewa. Chipolopolo chochokera pansi chinaboola paipi ya oilo m'ndege ya Brown, injini n'kuzima. Kudumpha ndi parachuti sikukanatheka poti anali pafupi kwambiri ndi nthaka, choncho anaigwetsa chamimba pachidikha cha m'phiri, makilomita oposa 20 m'kati mwa dera la adani. Ndegeyo inapindika ndi kumupana mwendo. Anzake akuzungulira m'mwamba ankaganiza kuti wafa, mpaka anaona dzanja likuwabayibitsa.

Apa m'pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Thomas Hudner, mzungu wa ku Fall River ku Massachusetts, mwana wa banja lopeza bwino, ndiye ankauluka pambali pake. Anaona utsi ukufuka kumphuno kwa ndege ya mnzakeyo ndipo anadziwa kuti helikopita isanafike moto ukhoza kumumaliza. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anagwetsa dala ndege yake yabwinobwino pafupi, navulala msana, n'kuyenda m'chipalemo kukafika pomwe panali Brown. Anamupeza atavula magolovesi poyesa kudzimasula, zala zitauma ndi chisanu. Anamuveka chipewa chaubweya, kumukulunga manja ndi sikafu, kenako n'kumatapa chipale ndi manja kuthira pomwe pankafuka utsi. Anamukoka, osatheka. Helikopita itabwera ndi woiulutsa wake Charles Ward, awiriwa anatema chitsulocho ndi nkhwangwa kwa mphindi pafupifupi 45, koma sichinasunthe.

Dzuwa linali likulowa, ndipo helikopita ya nthawi imeneyo sinkatha kuuluka mumdima pakati pa mapiri. Brown anali akukomokakomoka. Mawu ake omaliza, monga Hudner ankasimbira moyo wake wonse, anali opempha kuti akauze Daisy kuti amamukonda. Anamusiya pomwepo, ali ndi zaka 24, kwawo atasiya mwana wamkazi wosakwanitsa zaka ziwiri.

Hudner anachonderera kuti m'mawa abwerere kukatenga mtembo. Akuluakulu anakana poopa kuti adani awabisalira n'kuphetsa ena. Patapita masiku ochepa ndege zinapita kukaponya mabomba a moto otchedwa napalm pa ndege ziwiri zija, kuti mtembo ndi zida zisagwe m'manja mwa adani, oulutsawo akunena Pemphero la Ambuye pa wailesi. Mwambo wonse wa maliro a Jesse Brown unali umenewo. Kunena zoona, ndimamvetsa chifukwa chake anatero, koma zimandiwawa ndikaganizira mayi wamasiye amene analibe ngakhale mtumbira woti akalirepo.

Mu Epulo 1951 Truman anapatsa Hudner mendulo ya Medal of Honor, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa msilikali wa America, Daisy ali pomwepo ku White House. Mu 1973 sitima yankhondo ya USS Jesse L. Brown inayamba ntchito. Ulemu unabwera, mtembo ayi.

Chimene chikutsekereza n'chakuti nkhondoyo sinathe mwalamulo. Pa 27 Julayi 1953 anangosainirana pangano loleka kumenyana, osati la mtendere, ndiye kufukula mafupa kumadalira momwe boma la America ku Washington ndi la North Korea ku Pyongyang akuonerana chaka chimenecho. Kuyambira 1996 mpaka 2005 magulu a mayiko awiriwa ankafukulira limodzi, kenako America inaimitsa ntchitoyo ubale utasokonekera. Mu 2018, Donald Trump atakumana ndi mtsogoleri wa North Korea Kim Jong Un ku Singapore, North Korea inapereka mabokosi 55 a mafupa, ndipo zitatero zinaimanso. Asilikali a America pafupifupi 7,500 a nkhondo imeneyo sanapezekebe, oposa 5,000 mwa iwo akukhulupiriridwa kuti ali ku North Korea.

Hudner sanaiwale. Mu Julayi 2013, ali nkhalamba ya zaka 88, anakwera ndege mpaka ku Pyongyang kukapempha kuti amulole kukafuna mnzake. Akuluakulu a asilikali kumeneko anamulandira, koma mvula yamphamvu inali itakokolola misewu ndi milatho yopita ku Chosin, ndipo anabwerera osafika paphiripo. Daisy anamwalira chaka chotsatira. Hudner anamwalira mu Novembala 2017 ndipo anaikidwa kumanda a asilikali a Arlington.