Kugwirana chanza si kutha kwa mlandu

Sabata yatha ku Luchenza mkulu wa mpingo wina anandiuzanso mawu amene ndatopa nawo: "Nkhani ija inatha, tinawapempherera ndipo anagwirana chanza." Ndinawafunsa kuti nanga malire a munda amene ankakanganirana aja ali pati tsopano. Iwo anati zimenezo sanalowemo, chachikulu n'chakuti anthu akhululukirana. Ndagwira ntchito yoyanjanitsa anthu ndi kuphunzitsa amkhalapakati ku Thyolo kuno ndi ku Mulanje kwa zaka zambiri, choncho ndinene mosapsatira: nkhani imeneyo sinathe, yangofotseredwa. Mvula yoyamba ikagwa, makasu akatuluka, mudzaimvanso.

Amene tinaphunzira za mtendere kusukulu timayambira pa Johan Galtung, katswiri wa ku Norway amene anamwalira mu 2024. Iye anasiyanitsa mitendere iwiri. Woyamba ndi woti anthu sakumenyana basi. Wachiwiri ndi woti chimene chimawayambanitsa chachotsedwa ndipo aliyense wapeza chilungamo. Mu 1969 analembanso kuti pali nkhanza zina zimene sizioneka ndi chikwanje, zimakhala m'mene chuma ndi malo zinagawidwira. Ife sitifunika buku kuti timvetse zimenezi. Kwerani minibasi ku Limbe, mudutse ku Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo, muone tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, kenako muone midzi yopanikizana m'mphepete mwa maesiteti, anthu akulima m'malo otsetsereka oti mbuzi yokha ndiyo ingaime bwino. Nkhani ya malo kuno ndi yakale, inayamba nthawi ya thangata, imene John Chilembwe anadandaula nayo mpaka kuukira mu 1915. Mukaona ana a mimba imodzi akutukwanizana chifukwa cha mizere itatu, musafulumire kunena kuti alowa satana. Munda umene agogo awo ankalima okha lero ukudyetsa mabanja asanu.

Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera. Ndipo mbiri yathu ikuonetsa mphamvu ya chipembedzo pa nkhani za mtendere. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Marichi 1992 ndiyo inatsegula pakamwa pa dziko lonse, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la Public Affairs Committee (PAC) linabadwa chaka chomwecho, ndipo mu Juni 1993 tinavota pa referendamu. Koma taonani chimene atsogoleri aja anachita. Sanauze Amalawi kuti agwirane chanza ndi kuiwala. Anatchula mavutowo ndi maina awo. Ngakhale Zakeyu uja timalalikira kawirikawiri, kulapa kwake kunali ndi kubweza, ndipo analonjeza kubweza kanayi. Tsono chifukwa chiyani ife timafuna wolandidwa munda akhululuke pamene wolanda akupitiriza kukolola nandolo pamalo pomwepo?

Pali nkhani imene imandisowetsa tulo mpaka lero, ndipo wolakwa wina ndine. Kunali kumudzi wina wa kumunsi kwa Makwasa. Agogo ena amasiye ankakangana ndi mwana wa mng'ono wawo, mayi wa ana anayi. Chaka chilichonse polima, mzere umodzi wa agogo unkalowa mbali ya mayiyo. Onse anali a mpingo umodzi, amvano. Abusa anandiitana, tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Mayi uja analira, nati, "Amayi, ndikhululukireni ngati ndinakulakwirani." Agogo anangoyang'ana pansi akupotokola nsonga ya chitenje chawo, kenako anatambasula dzanja. Anthu anaimba nyimbo, ena analulutira. Ine ndinaliona dzanja lija, linali lolefuka ngati la munthu wodwala, koma ndinakondwa nawo limodzi ndipo ndinalemba mu lipoti langa kuti agwirizana. Kumunda sitinapiteko. Mwinimbumba, mlongo wawo wa agogowo, amene ankadziwa pamene panali chitsa cha mango chosonyeza malire, sitinamuitane. Amfumu anangomva mphekesera.

Mu Disembala chimanga cha agogo cha m'mizere iwiri chinazulidwa. Agogo sanakanenenso kwa abusa. Akananena chiyani, poti anali atakhululuka pamaso pa mpingo? Apa ndi pamene anthu ambiri sazindikira: mukamukakamiza munthu kukhululuka pagulu, mwamutseka pakamwa, chifukwa akadandaulanso amaoneka wouma mtima. Mwana wa mayi uja atadwala malungo, m'malo mothamangira naye kuchipatala mayiyo anapita naye kwa mneneri wina wongobwera, amene ankachititsa mapemphero a usiku. Mneneriyo anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi pali amene munakangana naye. Pofika m'mawa mudzi wonse unali ukudziwa dzina la "mfiti". Nyumba ya agogo inagendedwa, denga linatenthedwa, iwo anathawira kwa mwana wawo ku Blantyre. Munda wonse unatsala m'manja mwa mayi uja.

Aneneri otere ndi asing'anga olosera mfiti ndimalimbana nawo kwambiri, ndipo sindiwanyengerera. Sadziwa chilichonse chobisika. Amangofufuza mkangano umene ulipo kale n'kuupatsa nkhope, ndipo nkhopeyo nthawi zambiri imakhala ya nkhalamba yopanda woiteteza, imene ili ndi kamunda. Amalandira ndalama, nkhuku kapena mbuzi, mawa ali mudzi wina. Dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha wogwira mfiti. Amene tinali kuno mu 2017 tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi maboma ena. Anthu osalakwa anaphedwa, m'misewu munali zipata za anyamata onyamula zibonga. Mphekesera imayaka msanga pamudzi pamene anthu asungirana zifukwa. Mukangomva kuti wina wayamba kutchulidwa dzina pa mapemphero a usiku, musadikire Lamulungu kuti abusa alankhulepo. Pitani kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo.

Kuchedwa ndiko kumatipha. Anthu amandipeza chikwanje chitatuluka kale, pamene mkanganowo unayamba zaka zinayi zapitazo ndi mzere umodzi. Akuluakulu ananena kuti mlandu suola, ndipo wa malo umakula ndi ana, chifukwa mwana amene lero akumva amake akudandaula madzulo aliwonse ndi amene mawa adzanole nkhwangwa. Nthawi yabwino yokonza malire ndi chilimwe, minda ili mbee, mitima isanatenthe ndi kubzala.

Abusa, mashehe ndi akulu a mpingo, ntchito yanu ndi yaikulu, chifukwa anthu amene sangamvere wina aliyense amabwera mukawaitana. John Paul Lederach, katswiri wa mpingo wa Mennonite, anatsindika kuti atsogoleri apakati ngati inu ndi amene amalumikiza anthu wamba ndi akuluakulu. Koma muzimva mbali iliyonse payokha musanawakhazike pamodzi, makamaka wofookayo, chifukwa pagulu sanganene zakukhosi. Muzipita kumundako ndi amfumu, mwinimbumba ndi oyandikana nawo minda. Dzalani vetiva kapena mitengo m'malire onse akuona, mulembe zimene mwagwirizana, aliyense atenge pepala lake. Zikakanika, lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo ndi mabwalo oweruza mikangano yotere, ndipo kukasuma kumeneko si tchimo. Pemphero la chiyanjano libwere pambuyo pa zonsezi, ndipo pakatha miyezi itatu mubwerereko mukafunse wodandaula uja ali yekha.

Agogo aja ndinakawaona ku Ndirande patapita chaka. Sanandikalipire. Anandipatsa mpando, nandifunsa ngati nandolo anabereka bwino kumudzi chaka chimenecho. Kenako anati, "Mwana wanga, tsiku lija bwenzi mutangofika kumunda, chitsa chija chinali chikadalipo."