Chitungwiza: tauni yomwe inamangidwa kuti anthu azingogonamo

Chilimwe chikafika pachimake, mkangano wa madzi umabukanso ku Chitungwiza, tauni ya ku Zimbabwe yoyandikana ndi Harare. Mu 2024 khonsolo ya Harare inatseka malo oyeretsera madzi a Prince Edward madamu a Seke ndi Harava ataphwa, ndipo amayi a ku Zengeza, dera lina la Chitungwiza, anayambanso kulawirira ku mijigo, zigubu zili pa wilibala. A Chitungwiza amati Harare imawamana madzi. A Harare amati anzawowo sabweza ngongole. Onse sakunama, koma nkhaniyi inayambira mu 1978.

Chaka chimenecho boma la azungu la Rhodesia (Zimbabwe ya lero) linaphatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's kukhala tauni imodzi, makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Sankamanga mzinda ayi. Ankafuna kuti wantchito wakuda azifika mbandakucha kufakitale kapena kukhitchini kwa bwana, madzulo n'kubwerera kutali ndi maso awo. Malo ongogonamo sanawaganizire zokhala ndi damu lawolawo. Mpope unachokera ku Salisbury, ndipo mpaka lero wotsegula ndi kutseka ali ku Harare. Ena mwa antchitowo anali ochokera ku Nyasaland, n'chifukwa chake Gule Wamkulu amatulukabe ku St Mary's.

Ufulu wa 1980 sunasinthe mpopewo. Fakitale ya nsalu ya Cone Textiles, yomwe inkadyetsa mabanja zikwizikwi, inagwa m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma. Njanji yopita ku Harare inathera m'malonjezo, anthu akupanikizanabe m'makombi (maminibasi) pa Seke Road. Chomwe chinamangidwa ndi dziwe lalikulu losambiramo la masewera a All-Africa Games a 1995, m'tauni yosowa madzi akumwa! Kolera ya 2008, yomwe inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, inayambira konkuno.

Ngakhale chiwerengero cha anthu sagwirizana. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 371,000, pamene ambiri okhalamo amati n'ngochuluka kuposa apo. Ine ndimakhulupirira kalembera, ngakhale kuwerenga alendi odzaza m'nyumba ya zipinda zinayi si ntchito yamasewera.

Kuyambira 2000 a kuno akhala akuvotera kwambiri zipani zotsutsa, choncho unduna wa maboma ang'onoang'ono ndi khonsolo amangolozana chala. Makhansala nawonso si oyera: ena anachotsedwapo pa nkhani zogulitsa mapuloti m'madambo ndi pamalo osungira sukulu. Buludoza ikabwera, nyumba yomwe imagwa ndi ya wogula, malisiti ali m'manja.