Kuika autopilot m'boti la matanga: ntchito yaikulu ili pafupi ndi tsigiro

Munthu akagula autopilot, makina owongolera boti okha, maso ake amakhala pa kabokosi ka mabatani kamene adzaike pafupi ndi chiwongolero. Koma autopilot zambiri zimene zimavuta panyanja sizivuta chifukwa cha kabokosiko. Vuto limakhala pansi, pamene makina amagwira tsigiro: pomangirira pofooka, muyezo wolakwika, waya wowonda, kapena chiwongolero chimene chinali chogwedera kale.

Yambani ndi kulemera kwa boti. Opanga makinawa sayang'ana kutalika kwa boti, amayang'ana kulemera kwake litanyamula zonse: madzi, mafuta, nangula ndi unyolo, anthu ndi katundu wawo. Mwambo wake ndi kuwonjezera 20 peresenti pa kulemera kumene kunalembedwa m'mapepala a botilo. Boti lowongoleredwa ndi mpini, ndodo yogwira ndi dzanja yopotozera tsigiro, limagwiritsa ntchito makina okhala pamwamba pa boti monga ST1000 ya kampani ya Raymarine, imene imalekezera pa makilogalamu 3,000, kapena ST2000 ya makilogalamu 4,500. Boti la chiwongolero chozungulira likhoza kulandira makina ozunguza chiwongolerocho ndi lamba, monga EV-100 Wheel, mpaka makilogalamu 7,500. Kupitirira apo, kapena ngati mumayenda maulendo aatali pa mafunde aakulu, pamafunika drive ya pansi, mkono wamakina umene umakankha ndi kukoka mtengo wa tsigiro weniweniwo, ndodo yoimirira imene tsigiro limazungulirapo. Boti likakhala m'malire, tengani makina aakuluwo. Aang'ono amayenda bwino nyanja ili bata, kenako amatentha ndi kuzima tsiku limene Mwera wakalipa, nthawi imene mukuwafuna kwambiri.

Musanaboole paliponse, yesani chiwongolero chimene chilipo. Wina agwire tsigiro kapena quadrant, chitsulo chonga theka la gudumu chimene mawaya a chiwongolero amakokapo, inu mupotoze chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Chikamayenda tsigiro lili chiimire, mawaya ndi olobodoka kapena mabeyaringi adyeka. Chikamalimba, pali pamene pakukhulana. Zonse ziwiri zikonzedwe kaye, chifukwa kompyuta ya autopilot siingathe kubisa vuto lotere; imangokhalira kukonzakonza njira, boti nkumayenda mokhotakhota, batire nkumatha.

Makina a mpini ndi osavuta, bola miyezo iwiri ikhale yeniyeni. Pa ST1000 ndi ST2000, kachitsulo kokolapo kamakhomedwa pa mpini mamilimita 460 kuchokera pakati pa mtengo wa tsigiro, ndipo bowo lokhazikapo makinawo limakhala mamilimita 589 kuchokera pa kachitsuloko, mpini uli pakati. Makinawo agone mopingasa, osapendekera. Ngati mpando umene mukuboolawo ndi wopyapyala, matani kathabwa pansi pake ndi guluu wolimba wa epoxy, apo ayi bowolo lidzakula m'miyezi yochepa.

Drive ya pansi ndiyo imafuna kudekha. Tengani chitsanzo cha Type 1 ya Raymarine: imakankha ndi mphamvu yofika makilogalamu 295, ndipo imatero kubwerezabwereza, kutsogolo ndi kumbuyo, maola ambiri. Mphamvu yonseyo imathera pa phazi la drive. Phazilo likangomangidwa ndi masikuluwu pa khoma lopyapyala la pulayiwudi, limayamba kugwedera, kenako limazuka. Pamafunika shelufu yolimba ya pulayiwudi yochindikala ya m'maboti, yomatidwa ku thupi la boti ndi nsalu ya fibreglass ndi epoxy, kapena bulaketi ya chitsulo yogwira pa khoma lonyamula mphamvu. Mabawuti adutse mbali zonse, kuseri kukhale chitsulo chathyathyathya chogawa mphamvu, ndi manati osamasuka okha. Poyesa, wina aike dzanja pa shelufuyo drive ikugwira ntchito. Ikamapuma ngati chifuwa, ntchito sinathe.

Kodi drive igwire pati? Ena amaboola quadrant ndi kumangirira pomwepo. Zimatheka ngati quadrant yake inapangidwira zimenezo, koma njira yabwino ndi kuika mkono wake wapadera pa mtengo wa tsigiro, wa makampani monga Edson kapena Jefa, wokhala ndi kiyi kapena bawuti yodutsa kuti usaterereke. Phindu lake ndi lalikulu: waya wa chiwongolero ukaduka pakati pa nyanja, autopilot imawongolabe boti chifukwa ili ndi njira yakeyake yofikira tsigiro.

Tsopano masamu pang'ono, chifukwa apa ndi pamene makina ambiri amafera. Type 1 imatambasuka mamilimita 300 ndipo imakoledwa pa mkono mamilimita 250 kuchokera pakati pa mtengo wa tsigiro. Tsigiro likamapotoka madigiri 35 mbali iliyonse, nsonga ya drive imayenda pafupifupi mamilimita 287. Kumatsala mamilimita 6 kapena 7 okha mbali iliyonse. Ndiye ngati zoimitsa tsigiro za boti lanu zimalola madigiri 40, drive ndiyo imafika pamapeto poyamba, ndipo tsiku lina pobwerera chambuyo padoko, madzi akamenya tsigiro, mphamvu yonse imaphwanya za m'kati mwake. Sunthani zoimitsazo kuti tsigiro liziima drive isanathe ulendo wake. Ndipo tsigiro likakhala pakati, drive ikhale pa theka la ulendo wake, itapanga ngodya ya madigiri 90 ndi mkonowo. Mukapanda kutero, boti limakhota msanga mbali imodzi, mbali ina mochedwa.

Kachipangizo kouza kompyuta pamene tsigiro lili kamalumikizidwa ndi kandodo kowonda. Mkono wake ukhale wofanana kutalika ndi mtunda wa pamene kandodoko kagwira pa mkono wa tsigiro, ndipo mikono iwiriyo iloze mbali imodzi nthawi zonse. Tsekani malowo ndi kathabwa, poti m'chipinda chimenecho ndi momwe anthu amaponyamo zingwe ndi ndowa.

Kampasi ya autopilot ikhale pamalo osagwedera, kutali ndi injini, mota ya drive, masipika ndi mawaya onyamula magetsi ambiri, pafupifupi mita imodzi kapena kuposa. Yendani ndi kampasi ya m'manja pamalopo, muyatse ndi kuzimitsa magetsi osiyanasiyana, muone ngati muvi ukusuntha. Mukaika, lembani chenjezo pa chitseko cha kabati imene mwaikamo kampasiyo. Bokosi la masipanala kapena zitini za nsomba zikaikidwa pambali pake, boti limapatuka njira popanda wodziwa chifukwa.

Pa magetsi, drive ikhale ndi waya wakewake wochokera pa fyuzi kapena buleka ya mlingo umene buku la makinawo lanena. Magetsi asatsike kupitirira 3 peresenti, kutanthauza 0.36 V pa batire la 12 V. Waya wa 2.5 mm² umakwana pa mtunda waufupi zedi. Drive ikakhala kumbuyo kwenikweni, batire pakati pa boti, mufunika 6 mm² kapena 10 mm². Chizindikiro cha waya wowonda ndi autopilot imene imadzizimitsa yokha funde lalikulu likamenya, pamene mota ikukoka magetsi ambiri. Mawaya a uthenga, kaya a NMEA 2000 kaya SeaTalkNG, amafuna chotsekera (terminator) kumapeto onse awiri a waya wamkulu umene zipangizo zonse zimalumikizidwako, ziwiri basi, ndipo asayende mtolo umodzi ndi mawaya a mota kapena a wailesi ya VHF.

Kuyesa koyamba kuchitike boti lili chimangire padoko. Dinani batani la madigiri 10 kumanja, muone ngati tsigiro lapita kumene lingakhotetse boti kumanja. Likapita kwina, sinthanitsani mawaya awiri a mota kapena konzani mu makonzedwe. Dinaninso standby, batani loimitsa autopilot, mumve ngati kilachi ya drive yamasula ndipo chiwongolero chikuyenda ndi dzanja. Aliyense m'botimo adziwe batani limenelo. Kenako tulukani tsiku la bata, pamalo opanda maukonde ndi mabwato a asodzi, muzungulire pang'onopang'ono kuti kampasi iphunzire zitsulo za botilo. Boti likamajambula njoka pamadzi, mlingo wa kupotoza tsigiro wakwera, utsitseni. Likamachedwa kubwerera pa njira, ukwezeni, koma musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Matanga akakwera, makina abwino amathabe kulephera chifukwa cha mmene mwawakokera. Ngati inuyo mukulimbana ndi chiwongolero kuti boti lisathamangire kumphepo, drive ikulimbananso chimodzimodzi. Chepetsani thanga lalikulu msanga kuposa mmene mumachitira powongola ndi dzanja. Mphepo ikamachokera kumbuyo, mangani mtanda wa thanga ndi chingwe kuti usawolokere mbali ina mwadzidzidzi funde likapotoza boti. Ndipo autopilot siona ngalawa, mwala kapena munthu amene wagwera m'madzi: lamulo lachisanu la malamulo apadziko lonse opewera kugundana panyanja limafuna mlonda nthawi zonse, ndipo amene ali yekha pamwamba pa boti adzimangirire ku boti ndi lamba, chifukwa akagwa botilo lidzapitirira ulendo.