Cinderella sanayambire ku Disney ayi

Ambirife tikamva za Cinderella timangoganiza katuni ya Disney ija, nsapato yagalasi, ngolo yochokera ku dzungu, basi nkumati nthanoyi anaipeka ku America. Ayi ndithu, filimu ija inatuluka mu 1950 pomwe nthanoyi inali itakalamba kalekale.

Ku China cha m'zaka za m'ma 800, Duan Chengshi analemba za mtsikana wamasiye dzina lake Ye Xian yemwe ankazunzidwa ndi mayi omupeza, ndipo chomwe chinamuthandiza si mzimayi wamatsenga wa mukatuni uja ayi koma mafupa a nsomba yomwe ankaiweta, mayiwo ataipha nkudya. Nsapato yake inali yagolide, inavuka akuthawa kuchikondwerero.

Galasi ndi dzungu anabweretsa ndi Charles Perrault waku France mu 1697, iyeyu amalembera anthu apamwamba ndiye anaisalalitsa bwinobwino, mpaka mtsikanayo kukhululukira omuzunza aja.

Koma ya pachibale awiri a Grimm aku Germany, ya 1812, eee ndiyoopsa zedi. Thandizo likuchokera pamtengo womera pamanda a mayi ake, kenako ana a mayi omupeza aja wina kudula chala wina chidendene kuti phazi likwane munsapato, nkhunda nkuulula kuti taonani magazi. Mwana mungamuuze zimenezi akukagona inu?

Nanga ya Giambattista Basile waku Naples ku Italy, ya 1634, mtsikanayo Zezolla ndiyemwe anapha mayi omupeza oyamba, anawaswa khosi ndi chivundikiro cha bokosi la zovala.