Mlongoti wa ku Tete ndi eni ake osinthasintha

Aliyense wogula magetsi olipiriratu a Credelec ku Ulónguè kapena ku Moatize amasonkhera Rádio Moçambique, afune asafune. Kamsonkho ka wayilesi kamadulidwa pa ndalama ya magetsi yomweyo, ndipo eni magalimoto nawo amakalipira. Tikatengera pamenepo, wayilesi ya chigawo chathu, imene m'Chipwitikizi amati Emissor Provincial de Tete, ndi yathu tonse. Koma amene anaimika mlongotiwo si ife, ndipo sanauimike kuti amve maganizo athu.

Muzu wake uli kutali, ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Mu 1932 Apwitikizi okonda za wayilesi anapanga kagulu kawo, Grémio dos Radiófilos, ndipo mu Malichi 1933 anayamba kuulutsa mawu. Pofika 1937 dzina linali Rádio Clube de Moçambique. Inalidi kalabu: mamembala ankasonkha, amalonda ankalipira zotsatsa. Ndalama zambiri zinkachokera ku nthambi yake yotchedwa LM Radio, imene inkaimbira nyimbo azungu a ku South Africa m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans, chifukwa wayilesi ya boma ya kumeneko sinkalandira malonda mpaka 1950. Kwa zaka zoposa 20 munthu wakuda sanawerengedwe ngati womvera. Wa ku Angónia ndiye sankalotedwa n'komwe.

Zinthu zitayamba kutentha mu Africa, boma la atsamunda linakumbukira kuti eni nthaka nawo ali ndi makutu. Mu 1958 kunabwera pulogalamu ya Hora Nativa m'Chironga. Mu 1962, chaka chomwe Frelimo inabadwa, pulogalamuyo inakula n'kukhala Voz de Moçambique, yoyendetsedwa ndi nthambi ya boma imene ntchito yake inali kukopa mitima ya anthu kuti asatsatire omenyera ufulu. Zinenero zinawonjezeka, ndipo Chinyanja, Chisena ndi Chinyungwe zinalowa kudzera pa khomo limenelo. Munali ng'oma za kwathu, malonje, malangizo a ulimi ndi ukhondo, ndipo pakati pake ankatsinirapo uthenga woti Portugal ndiye kholo, a m'tchire ndi zigawenga. Ng'omazo zinali nyambo pa mbedza. Akuluakulu ankazivina ndithu, koma mbedzayo ambiri ankaiona.

Nyumba youlutsira mawu ya ku Tete kwenikweniko inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chifukwa chake sichisowa. Mu 1968 asilikali a Frelimo analowa m'chigawochi kuchokera ku Zambia. Mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba, ndipo Apwitikizi anatsimikiza kuliteteza zivute zitani. Anthu anasamutsidwa m'midzi yawo n'kuunjikidwa m'ma aldeamento olonderedwa ndi asilikali. Boma loterolo linkafuna mawu ake azimveka pafupi, m'chinenero cha anthuwo. Pa 16 Disembala 1972 asilikali anapha anthu ambirimbiri ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete womwewo. Dziko linamva nkhaniyi kudzera kwa ansembe ndi nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Julaye 1973, osati pa mlongoti umene unali pakhomo. Ofuna kumva mbali inayo ankasaka mawu a Frelimo ochokera ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, usiku, wayilesi ataitsitsa n'kuigunditsa kukhutu poopa akazitape a PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi.

Pa 7 Seputembala 1974, tsiku limene Frelimo ndi Portugal anasainirana pangano la ufulu ku Lusaka, atsamunda osafuna kutula pansi analanda nyumba ya Rádio Clube ku Lourenço Marques ndi kuulutsa zawo kwa masiku angapo. Frelimo inatolapo phunziro. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo pa 2 Okutobala chaka chomwecho boma latsopano linatenga Rádio Clube, wayilesi ya Aero Clube ya ku Beira ndi Rádio Pax ya Akatolika, n'kuziphatikiza kukhala Rádio Moçambique. LM Radio inatsekedwa mwezi womwewo. Ya ku Tete inasintha mwini popanda kusuntha njerwa ndi imodzi yomwe.

Zoulutsidwa ndiye zinatembenuka kotheratu. Kunali nyimbo za nkhondo ya ufulu, zolankhula za Samora Machel zotalika maola, malangizo a chipani, nkhani za midzi ya chitukuko yotchedwa aldeias comunais ndi minda ya gulu. Chipwitikizi chinasankhidwa kukhala chinenero cha umodzi, ndipo kusukulu mwana wolankhula Chinyanja ankadzudzulidwa. Mafumu anavulidwa udindo, nyau zinkatchedwa za mumdima. Komabe pa wayilesi zinenero zathu sanazichotse, pakuti chipani chinkadziwa kuti mlimi wa ku Dómuè sangamve lamulo m'Chipwitikizi. Apa ndimaona kuti mwini wachiwiriyu anafanana ndi woyamba uja kuposa mmene akanavomerera: onse awiri ankalankhula Chinyanja kuti timve, osati kuti tiyankhe. Kusiyana kunalipo, sindikukana. Wachiwiriyu ankatitcha eni dziko, ndipo liwu limenelo linali lolemera kwa anthu amene anakula akugwira chibalo.

Amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira Xirico, wayilesi yolumikizidwa m'dziko momwemuno ndi zipangizo za ku East Germany. Vuto silinali wayilesiyo koma mabatire. Akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ena kuwatswanya pang'ono ndi mwala kuti alavule mphamvu yotsalira. Waya wa eriyo ankaumangirira kunsonga ya nsungwi. Bambo yekha ndiye ankapotokola kofufuzira siteshoni, nkhani zikatha n'kuzimitsa, wayilesi n'kuivindikira ndi kansalu koluka. M'midzi ina ya chitukuko boma linapachika zimkuzamawu pamitengo, ntchito ya ofesi yotchedwa Gabinete de Comunicação Social. Chimkuzamawu chilibe pozimitsira, ndipo eni ake ankachikondera chomwecho.

Koma kofufuzira kaja nthawi zambiri kankaima pa Blantyre. Angónia ndi Tsangano zili kumapiri, moyang'anana ndi Dedza ndi Ntcheu, ndipo msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire enieniwo mtunda wautali. Tete ali kutali kuchigwa cha Zambezi. MBC, imene inayamba mu 1964, inkamveka bwino, ndipo chiyambire 1968, pamene boma la Kamuzu Banda linakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko, inkalankhula chinenero chathu mbali yaikulu ya tsiku. Ya ku Tete inkagawa nthawi pakati pa Chipwitikizi, Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena. Wina amakupatsa maola owerengeka, wina akukudzutsa ndi Tadzuka Sitidziwa Anzathu n'kukuseketsa ndi Kapalepale. Nanga khutu lipita kuti? A ku Chifunde ndi Marávia nawo ankatchera ku Zambia.

Nkhondo ya pachiweniweni inamaliza zotsala. Kuyambira 1976 kunali wayilesi yonyoza Frelimo yochokera ku Rhodesia, Voz da África Livre, imene anthu anaipatsa dzina loti Quizumba, kutanthauza fisi. Kenako mfuti zinafika m'midzi, makamaka cha m'ma 1986, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri ochokera m'chigawo chino. Ana anaphunzira kuwerenga Chichewa m'sukulu za kumeneko. Pobwerera, pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa, anabwera ndi kalembedwe ka ku Malawi ndi makutu ozolowera MBC. Mpaka lero muulutsi wa Chinyanja wa kuno amayesedwa ndi muyeso wa tsidya lija. Akaponyamo mawu a Chipwitikizi, ena amati waononga chinenero. Akalankhula ngati wa ku Lilongwe, ena amati akudzimva Chimalawi.

Mwini wachitatu anabwera ndi malamulo atsopano a dziko a 1990 ndi lamulo la atolankhani la 1991, limene linalola anthu wamba ndi mipingo kukhala ndi mawayilesi. Mu 1994 Rádio Moçambique inasandulika kampani ya boma yotumikira anthu onse, osatinso kamwa la chipani. Malonda anabwerera, mpira unachuluka, otsutsa boma anayamba kumveka. Koma mkulu wa kampaniyo amasankhidwabe ndi boma, ndipo chisankho chilichonse zipani zotsutsa zimadandaula za kukondera.

Chimene chinasinthadi kamvedwe ka anthu akumudzi ndi mawayilesi ang'onoang'ono a m'maboma pa FM. Dzina n'limodzi, rádio comunitária, koma eni ake ndi osiyana. Ena ndi a boma kudzera ku Instituto de Comunicação Social, mdzukulu wa ofesi ya zimkuzamawu ija, monga ya ku Ulónguè. Ena ndi a mpingo, monga Dom Bosco ya ku Moatize. Ena ndi a mabungwe a anthu, ndipo ambiri mwa amenewa ali mu FORCOM, mgwirizano wa mawayilesi otere umene unakhazikitsidwa mu 2004. Kumeneku ndiye munthu amafika ndi njinga, kapepala kali m'thumba la malaya, kulipira timeticais tochepa, ndipo madzulo muulutsi amawerenga kuti mayi wakuti atisiya, mwambo wa maliro uli mawa, adziwitsidwe achibale a ku Calómuè, a ku Lizulu, ndi mwana wawo amene ali ku migodi ya malasha. Wina ng'ombe yasowa, wina akufunsa mtengo wa kachewere. Foni za m'manja zitafala, womvera anayamba kuyankha pompo, nthawi zina mawu oti mwini wayilesi sakanawafuna.

Ufulu wa mawayilesi amenewa umatsamira pa amene akulipira magetsi ndi kukonza makina akapsa ndi mphenzi. Aulutsi ambiri ndi odzipereka, opanda malipiro okhazikika, choncho kufunsa mkulu wa boma funso lolasa kumafuna mtima. Mu 2018 boma linakweza kwambiri ndalama za ziphaso za nyumba zofalitsa nkhani, moti mawayilesi ang'onoang'ono ambiri sakanakwanitsa. Atolankhani ndi mabungwe awo anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 2020 lamulolo linafafanizidwa.