Lamulo ligwire mbava za pa foni, lisatseke anthu pakamwa

Pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kaya ku Chipoka, ndi ochepa amene ali ndi foni koma sanalandirepo uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ena amaimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu, wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, n'kuwauza kuti akaunti yawo itsekedwa akapanda kutchula nambala yachinsinsi. Mayi wa geni ya usipa amene anasunga ndalama zonse zokaodera mu foni amangoona uthenga woti zatuluka, usipa uli pa thandala iye alibe choguliranso. Pa ntchito yanga ya zamalamulo ndimakumana nawo anthu oterewa, ndipo pempho lawo ndi limodzi: boma likhwimitse lamulo. Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Koma tiyeni tiunikire limodzi kuti lamulolo likakhwima, likukhwimira yani.

Lamulo lilipo kale. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, kufalitsa zithunzi zolaula za ana, komanso kuopseza ndi kuzunza anthu kudzera pa foni kapena pa intaneti. Lamulo lomweli linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, kuti iziyang'anira chitetezo cha makompyuta a dziko lino. Ndipo vutoli si la m'misika mokha ayi. Mu February 2024, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza aphungu kuti akuba analowa m'makina opangira mapasipoti n'kumafuna dipo. Anthu anadikira ziphaso zawo kwa milungu yambiri. Choncho wonena kuti lamulo lotere ndi losafunika sakunena zoona.

Komatu foni yomweyo imene mbava zikuberapo anthu ndi imene ikupulumutsa ena. A zanyengo akachenjeza kuti panyanja pakhala mwera, uthengawo umafika kwa asodzi ambiri kudzera m'magulu a WhatsApp bwato lisanalowe m'madzi. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amayamba wafunsa mtengo wa kilombero ku Lilongwe asanavomere wa vendala amene wafika ndi sikelo pakhomo pake. Kholo limadziwa zotsatira za mayeso a MANEB lili kumudzi konko. Izi si chisomo chimene boma limatipatsa likakondwa. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 37 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza nkhani zimene boma ndi nthambi zake zikusunga, ngati akuzifuna kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limapatsa ofesi ya boma masiku 15 ogwira ntchito oti iyankhe pempho lanu. Mukafuna kudziwa m'mene khonsolo yagwiritsira ntchito ndalama za mlatho wa kwanu, muli ndi ufulu wofunsa, ndipo mukayankhidwa mukhoza kuuzako anzanu pa Facebook. Bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu linagwirizana mu 2012 kuti ufulu umene munthu ali nawo pamsewu ndi womwewo ali nawo pa intaneti.

Pamene pakugona nkhani ndi apa. Gawo 87 la lamulo la 2016 lija limalanga munthu amene mwadala, komanso mobwerezabwereza, akusokoneza mtendere wa mnzake kudzera pa foni kapena pa intaneti popanda cholinga chenicheni cholumikizirana naye. Mukaliwerenga modekha, mumaona amene opanga lamulo ankamuganizira: bambo woimbira mayi wina usiku uliwonse atakanidwa kale, kapena mnyamata wotumizira mtsikana wa pasukulu mauthenga onyansa osalekeza. Anthu awa agwidwe ndithu. Koma magawo a lamuloli akhala akugwiritsidwanso ntchito pomanga atolankhani ndi anthu wamba. Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha zimene analemba m'gulu la WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko. Mawu ake mwina sanali aulemu, koma sanabe ndalama ya munthu, sanaopseze moyo wa wina aliyense. Lamulo la mawu otambalala lili ngati kuwedza ndi neti ya udzudzu: imakokolola chilichonse, ndi tiana ta nsomba tomwe. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zotsatira zake. Munthu mmodzi akagona m'chitokosi, mazana amayamba kufufuta zimene analemba, adimini wa gulu la chitukuko cha mudzi amalengeza kuti "nkhani za mankhwala osowa kuchipatala tisakambe muno", ndipo nkhani imene ikanathandiza odwala imafera pomwepo.

Ndiye tisiyanitse bwanji malire oyenera ndi kupondereza? Muyeso wake uli m'gawo 44 la malamulo aakulu. Ufulu ukhoza kuchepetsedwa pokhapokha ngati pali lamulo lonena choncho, ngati kuchepetsako kuli koyenera, kovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu za dziko lonse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mawu oti kofunikadi ndiwo amalemera. Woweruza amafunsa ngati panalibe njira ina yopepuka yothetsera vutolo. Munthu waudindo akaipitsidwa mbiri, njira ilipo: asumire wolembayo mlandu wa chipukuta misozi, umboni uonekere poyera. Mu July 2025 Khoti Lalikulu, litakhala ngati khoti lotanthauzira malamulo aakulu, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code (lamulo la milandu ya upandu), lomwe limatengera munthu kundende chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Kwa ine, maganizo amenewa ayenera kufika ndi ku lamulo la pa intaneti lomwe.

Kutseka intaneti kwa aliyense ndiye kumalephereratu muyeso umenewu. Uganda inatero pa chisankho cha January 2021, ndipo Zambia inatseka WhatsApp ndi Facebook pa tsiku lovota mu August chaka chomwecho. Zoterezi zitachitika kuno, chenjezo la mwera lija lingayende bwanji?

Mbava yeniyeni ija sigwidwa poletsa anthu kulankhula. Imagwidwa potsatira ndalama. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa, ndiye ndalama ikabedwa pamakhala dzina la amene inapitako, ejenti amene inatulutsidwira, ndi nthawi yake. Pamene pamaduka mkuzi ndi pakuti akuba amalembetsa manambala ndi zitupa za anthu ena, kawirikawiri za agogo akumudzi amene anauzidwa kuti akulembedwa pa Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo. Apa ndi pofunika mphamvu za boma: apolisi ophunzitsidwa kufufuza milandu ya pa foni mpaka m'maboma ngati Salima, makampani otseka msanga nambala imene yadandaulidwa, ndi chilango kwa ejenti wolembetsa nambala mwini chitupa palibe. Lamulo la Data Protection la 2024 likufunanso kuti aliyense wosunga mayina ndi manambala athu awasamale, asamagwere m'manja mwa akuba.

Inunso mbali yanu ilipo. Chitupa chanu musabwereketse kapena kulola mlendo achijambule, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atadzitcha bwana wa ku likulu. Mukaberedwa musafufute uthengawo chifukwa cha manyazi, ndiwo umboni wanu. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, kenako kanenani kupolisi. Ndipo mukadzamangidwa chifukwa cha zimene munalemba, funsani gawo la lamulo limene akuti mwaphwanya. Gawo 21 la malamulo aakulu limateteza mauthenga anu achinsinsi, ndipo gawo 42 limakupatsani ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, komanso wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48.