Wotchi yomwe inayeza shuga wa nzimbe

Bambo wina wa ku Ngabu anafika m'chipinda changa choonera odwala thukuta lili kamukamu, atasiya mankhwala a BP kwa miyezi iwiri. "Adokotala, ine ndinachira. Taonani apa." Anandionetsa wotchi yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Inkalemba 120/80, shuga 5.4. Titawamanga makina athu pamkono, BP inali 172/104.

Ndinawapempha kuti avule wotchiyo, n'kuimangirira pa nzimbe yomwe mlonda wathu ankadya. Posakhalitsa inati nzimbeyo BP yake ili bwino. Shuga nayenso ali bwino. Nzimbe imeneyo!

Imeneyi inali wotchi yachinyengo, yongotulutsa manambala osangalatsa mwini wake. Koma ngakhale zodula zili ndi malire ake. Mukaitembenuza wotchi muona kuwala kobiriwira kukuphethira. Magazi amayamwa kuwalako, ndiye mtima ukagunda n'kudzaza timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera kumachepa. Kusinthasintha kumeneku n'kumene wotchi imawerenga, ndipo pa kagundidwe ka mtima imachitadi bwino.

BP ndi nkhani ina. Ndi mphamvu imene magazi akukankhira khoma la mtsempha, n'chifukwa chake makina akuchipatala amafinya mkono mpaka magazi ataima, kenako n'kumamasula pang'onopang'ono. Mawotchi ambiri safinya, amangoyerekeza. Ya Samsung imafuna kuti masiku 28 alionse muiyerekezere ndi makina omanga aja kuti isasochere. Apple Watch, yomwe inayamba kuchenjeza za BP mu 2025, sipereka nambala n'komwe: imakutsatirani masiku 30, ikakayikira imangoti kayezetseni. Onjezanipo thukuta lathu la Okutobala, lamba wokhwepa ndi kugwedezeka kwa pa kabaza, zomwe zimasokonezanso wotchi.

Pa shuga m'pamene ndimauma mtima. Mu February 2024, bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asadalire wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga osabaya khungu, popeza palibe yomwe linavomereza. Ngakhale kachipangizo koyezera shuga komata pamkono ka FreeStyle Libre kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu. Taganizani munthu wobaya insulin, mankhwala otsitsa shuga, amene wotchi yamuuza kuti shuga wakwera pomwe watsika kufika pansi pa 3.9. Akawonjezera jekeseni akhoza kukomoka ali kudimba, kopanda womuona.

Ndiye chala chibayidwe basi. Koma kuno kuchigwa samalani timapepala toyezera shuga todonthezapo magazi: tambiri timafuna posapitirira madigiri 30, pamene m'nyumba yamalata ku Nsanje kapena ku Bangula kumatha kudutsa 40. Musatisiye pawindo kapena m'thumba la malaya, ndipo botolo lake muzitseka mukangotengamo kamodzi. Poyezetsa BP, mukatsika panjinga yambani mwakhala pansi mphindi zisanu. Ikapezeka 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, ndiye kuti ndi yokwera, ngakhale mutu usakupwetekeni.

Abambo aja anayambiranso mankhwala tsiku lomwelo. Wotchi sanaitaye, akuti ndi mphatso ya mwana wawo ndipo nthawi imalondola. Mwezi wotsatira atabwera kudzatenga mankhwala, asanakhale n'komwe pansi anandifunsa ngati nzimbe ija ikupezako bwino.